Chingwe cha Sajeni Chisale

Ndinafika ku Bulawayo mwezi wa Meyi, kukuzizira kolowa m'mafupa, ndili ndi zikwama ziwiri za zitenje. Mnzanga amene tinapangana kuti adzandichingamira pa siteshoni ya basi ya Renkini sanabwere, foni yake inangoti zii. Ndinagona masiku atatu kwa mayi wina wogulitsa tomato amene anandimvera chisoni, ndipo Lamlungu anandiperekeza ku tchalitchi cha anthu akwathu ku Nguboyenja. Titatuluka m'mapemphero, mmodzi mwa amayi a chigwirizano anandilozera bambo wamtali, wowonda, amene anaima yekha pafupi ndi mpopi, atavala jekete la buluu lothetheka m'zigongono.

"Awo ndi a Chisale a ku Mabutweni," anatero mayiwo. "Ali ndi kachipinda kongokhala kuseri. Salankhulalankhula, koma si munthu woipa."

Ndi mmene ine Loyce, mwana wa ku Ntcheu, ndinayambira kukhala pakhomo pa a Lemson Chisale. Ndinakhalapo zaka zitatu.

A Chisale anabadwira m'nyumba yomweyo, ya zipinda ziwiri, chimbudzi chogawana ndi mabanja ena atatu. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi, kalekale, nagwira ntchito yokonza njanji mpaka msana unapindika. Iwo eni anali asanapondeko ku Malawi. Chichewa chawo chinali chamakedzana, chimene anatola pakamwa pa bambo awo, ndipo mawu akawasowa ankagambapo Chindebele osazindikira n'komwe. Tsiku loyamba, atandionetsa chipinda, anangondiuza chinthu chimodzi.

"Madzi kuno amabwera Lachiwiri ndi Loweruka, akafuna. Akapanda kufuna timapita kumjigo. Musamasiye ndowa yopanda kanthu, mayi."

Akazi awo, a Mildred, anali atamwalira zaka zinayi ndisanafike. Mwana wawo mmodzi yekha, Thandeka, anali namwino ku Mangalande. Ankaimba foni Lamlungu lililonse masana, iye akulankhula Chindebele chothamanga, bambo ake n'kumangoyankha kuti yebo, yebo, ndili bwino. Foni ikaduka ankaiyang'ana kanthawi, kenako n'kuibwezera m'thumba la jekete. Alendo ena pakhomopo sindinawaone, kupatula a bungwe la maliro amene ankadutsa kamodzi pamwezi, osakhalanso pansi.

Chimene chinandidabwitsa m'nyumbamo ndi mashelefu. Khoma lonse la pabalaza linali zitini za jamu ndi za mkaka wa ufa, chilichonse chili ndi kapepala komangirira ndi ulusi: misomali, mabawuti, mahinji, singano za makina a malemu akazi awo. Ngakhale babu lakupsa linali ndi kapepala kake, kofiira. Ndinalephera kupirira, ndinaseka.

"Ndi matenda a ntchito," anatero, osakwiya. "Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili m'sitolo ya masipeya a helikopita. Kobiriwira ndiye kuti chinthucho n'chamoyo. Kofiira ndiye kuti chafa, osachikhudza."

Analowa usilikali wa ndege ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, atatopa ndi kuzungulira mageti a mafakitale a ku Belmont. Anayamba ngati makaniko, koma akuluakulu ataona kalembedwe kawo kaudongo ndi mutu wawo wosaiwala manambala, anawaika m'sitolo. Kampu yawo inali kutali ndi Bulawayo, ulendo wa maola angapo, ndipo kunyumba ankabwera kamodzi pamwezi. Thandeka anakula akuwaona ngati mlendo wobwera ndi masiwiti.

Za ntchitoyo ankazifotokoza mosangalala, mwina chifukwa panalibe wina amene anawafunsapo. Ankati chitsulo chilichonse cha m'helikopita chili ndi moyo wake wowerengedwa m'maola, ndipo maolawo akakwana chimachotsedwa, ngakhale chikunyezimira ngati chatsopano. Masipeya ankachokera kutsidya kwa nyanja. Nthawi zina ankaitanitsa kanthu kakang'ono ngati chala, n'kukadikira miyezi isanu ndi itatu, helikopita yathunthu ili khale m'shedi. Zikatero ankasolola chitsulo ku ndege ina yodwala n'kukaika ku inzake, ndipo a Chisale ndiwo ankalemba kuti chachoka kuti, chapita kuti, chatsala ndi maola angati. Pa zaka zonsezo, iwo eni anakwera helikopita kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri anasanza.

Ndege zimene ankazisamalira zinali zopulumutsa anthu: okokoloka ndi madzi, osochera m'mapiri, ovulala kumalo kosafika galimoto. Pakhomo pa ndege yotere pamakhala winchi, makina okulunga chingwe chachitsulo. Pamene ndege singatere, munthu amatsika pachingwecho, n'kumumanga wovutikayo lamba, onse awiri n'kukokedwera m'mwamba. Wotsika pachingwe wa gulu lawo anali Percy Ndiweni, wa ku Luveve, wamfupi, wa phokoso. Analowa ntchito chaka chimodzi ndi a Chisale, nagona chipinda chimodzi kukampu zaka zisanu ndi chimodzi. Percy ankawatchula kuti Nyasa, ndipo ndi munthu yekhayo amene ankatero a Chisale osakwinya nkhope. Ndi Percy amene anawaimira pa ukwati wawo.

Dzina la Percy ndinalimva kambirimbiri chaka choyamba, koma nthawi zonse m'nkhani zakale. Nditafunsa kuti masiku ano ali kuti, anangoti, "Alipo," n'kudzuka kukathirira masamba awo.

Chaka chachiwiri, mu Febuluwale, mvula inagwa sabata yathunthu osakata. Tsiku limene kunayera tinapita limodzi kumjigo, chifukwa ngakhale kunja kunali matope okhaokha, m'mipopi munali mouma. Tili pamzere, helikopita inadutsa chapansipansi, ikulowera kumadzulo. Ana anakuwa, akuithamangira. A Chisale anatula ndowa pansi, naima chilili, khutu atalitchera, mpaka phokoso linazilala. Mzere unasuntha iwo osasuntha, ndipo mayi wa kumbuyo kwawo anawadutsa.

Masana amenewo sanadye. Ndinawapeza pakhonde akukonza tayala la chikwama changa chokoka, chimene sindinawapemphe n'komwe kuti akonze. Nthawi imeneyi anali atasiya kunditchula kuti mayi, ankanditchula mwa Chindebele kuti mntanami, mwana wanga.

"Khala pansi, mntanami," anatero. "Pali nkhani imene Mildred anamwalira akuidziwa theka lokha."

Chaka chimene zinachitika, anayamba, anali sajeni, atatsala ndi zaka zisanu kuti apume. Mitsinje ya kumadzulo kwa Bulawayo inasefukira, ndipo helikopita imodzi inatumizidwa kudzakhala pabwalo la ndege la kunja kwa mzinda. Iwo anaitsatira pa lole, ndi mabokosi a masipeya. Mumtima anakondwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba ankagwira ntchito n'kukagona kwawo ku Mabutweni. Masiku awiri oyamba Percy anatsika ndi kukwera osapuma, nachotsa anthu makumi awiri ndi atatu m'mitengo ndi pamadenga.

M'mawa wa tsiku lachitatu amakaniko anatambasula chingwe kuti achiyendere. Amachita kuchigwira ndi kansalu m'manja, chingwe chikuyenda pang'onopang'ono. Kansalu kanakodwa. Atayang'ana anapeza timawaya titatu taduka pafupi ndi ngowe. Chingwe chimenecho chinali chatha ntchito, ndipo panalibe wotsutsa. A Chisale sanade nkhawa, chifukwa chinzake chinali m'bokosi, chosatsegula, mapepala ake ali bwinobwino.

Atatsegula bokosilo anamva fungo la chinyontho. Pamwamba chingwe chinali choyera, chonona ndi girizi. Atachimasula mikulungo ingapo anapeza mawanga ofiirira. Anachipinda m'manja, ndipo m'kati mwake munatuluka fumbi la dzimbiri, ngati fodya wosinja. Madzi anali atalowa m'bokosimo nthawi ina, mwina padoko, mwina pa lole, palibe akudziwa.

Nthawi yomweyo uthenga unafika. Anthu khumi ndi mmodzi anali pachulu pakati pa madzi, atazingidwa ndi mitengo yaminga, popanda poti ndege n'kutera, ndipo madzi ankakwerabe.

Meja amene ankatsogolera gululo anabwera yekha m'tenti ya masipeya.

"Sajeni, mapepala akuti chingwe chili bwino."

"Mapepala sanatsegule bokosi, bwana. Taonani."

Meja anayang'ana fumbi lija m'dzanja la a Chisale, napukusa mutu. "Dzimbiri la pamwamba chabe ili. Chikhoza kunyamula ng'ombe. Sayinani tichimange."

"Sindikudziwa kuti m'kati chadyeka bwanji, bwana. Chimene sindikuchidziwa sindingachisayinire."

Kenako kunalowa Percy, atavala kale malamba ake. Poyamba anawanyengerera, akuseka. "Nyasa, wolendewera pachingwepo ndine. Ine ndavomera. Iwe vuto lako n'chiyani?"

"Sulendewera wekha," anayankha a Chisale. "Pokwera udzakhala utafungata mwana wa munthu. Iyeyo wavomera?"

"Ndiye tiwasiye amire?"

A Chisale anatenga kapepala kofiira, nalemba nambala ya chingwe, tsiku ndi dzina lawo, namangirira. Ulusi anaumanga kawiri. Meja anali ndi mphamvu yowapitirira, n'kusayina yekha. Anaima nthawi yaitali, cholembera chili m'manja, kenako anachibwezera m'thumba natuluka. Percy anawayang'ana, nalavula pansi, natsatira meja.

Helikopita inanyamukabe, koma inangokaponya buledi, mabulangete ndi majekete oyandamitsa. Anthu pachulu paja anakweza manja, ndege n'kuzungulira kawiri, n'kubwerera. Ndege ina yokhala ndi winchi inali kum'mawa kwa dziko, kumene nakonso kunali madzi. Chingwe china chinanyamuka kukampu pa galimoto, koma mlatho wa panjira unali utamira, ndipo chinafika mawa lake cha m'ma teni koloko. Anachimanga mothamanga, a Chisale akuthandiza, chala mpaka kuchitema osamva kuwawa. Percy atatsika anapeza anthu asanu ndi anayi. Mbali imodzi ya chulu inali itagumuka kusanache, n'kupita ndi bambo wokalamba ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi.

Pamenepa a Chisale anazunguza tayala la chikwama ndi chala. Linkazungulira bwino.

"Akuluakulu anafufuza," anapitiriza, "n'kunena kuti ndinatsata lamulo. Anandilembera ndi kalata. Koma lamulo limanenanso kuti chingwe chokanidwa chidulidwe zidutswazidutswa, kuti wina asadzachimange mwangozi. Ndinachidula ndekha. Macheka anavutika nacho, mntanami. Malo ena chinkangoyoyoka, koma malo ena chinali cholimba. Cholimba kwambiri."

Kukampu zinthu sizinabwerere mwakale. Palibe amene anawatukwana. Kungoti akakhala pa benchi m'nyumba yodyera, anzawo ankamaliza msanga kudya. Anyamata atsopano ankawatchula kuti Bomvu, kutanthauza kufiira, ena osadziwa n'komwe kumene dzinalo linachokera. Percy ankabwera pawindo la sitolo, n'kutchula nambala ya chimene akufuna, n'kusayina, n'kumapita. Ankawatchula kuti Sajeni Chisale. Zinatero zaka zisanu. Tsiku lotsanzikana anawapatsa wotchi yapakhoma, anthu anaomba m'manja, ndipo Percy anali atapempha tchuthi. Pamaliro a Mildred sanabwere.

Kwa akazi awo, a Chisale anangonena kuti chingwe chinachedwa. Zoti chinalipo china, ndi kuti anachikana ndi iwo, sanawauze. Thandeka mpaka lero sadziwa kanthu.

Ine ndinati anachita bwino, kuti chikanaduka bwenzi atafa ambiri. Anandiyang'ana mwaulemu, monga mmene munthu amamuyang'anira mlendo amene wamupatsa nsapato zosamukwana.

"Zimenezo ndimadziuza tsiku lililonse," anatero.

Panapita miyezi osaitchulanso nkhaniyo. Mu Seputembala, kutatentha, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala m'misewu ya Mabutweni, anagogoda pachitseko changa m'mawa atavala taye. M'manja anali ndi kapepala kakale, kopindapinda, kamene analembapo dzina la mudzi ndi la banja la awiri aja amene anapita ndi madzi, atazikopera mu lipoti la ofufuza.

"Ndayesapo kawiri," anatero. "Ndikafika pokwerera basi ndimabwerera. Ukandiperekeza mwina ndingachite manyazi kubwerera."

Ndinasiya malonda tsiku limenelo. Basi inayenda maola anayi, awiri pa tala, awiri pa msewu wafumbi, kudutsa m'nkhalango ya mitsanya yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Titatsika tinayenda wapansi, tikufunsa. Tinawoloka mtsinje uja osavula nsapato. Unali mchenga wokhawokha, wotakata ngati bwalo la mpira, ndipo pakati pake amayi ankakumba dzenje kufuna madzi, abulu awiri akudikira ndi ngolo. A Chisale anaima pakati pa mchengawo, nayang'ana uku ndi uku.

"Ndi uwu?" anafunsa, ngati kuti wina wawanamiza.

Pakhomo tinapeza mayi wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu akusenda chimanga chouma. Dzina lake anali Nomsa. Anatiyalira mphasa, napatsa a Chisale kampando, ndipo tinalonjerana mwa Chindebele, chimene panthawiyo ndinkachimva ndithu. Ankaganiza kuti ndife a boma kapena a tchalitchi. A Chisale anavula chipewa, nachiika pabondo, nafotokoza zonse mwadongosolo lomwe lija, kuyambira pa kansalu kokodwa mpaka pa kapepala kofiira. Sanadzichepetsere mlandu, sanadzionjezerenso.

Nomsa anali pachulu paja tsiku limenelo. Wokalamba uja anali apongozi ake. Kamtsikana kanali kake, dzina lake Nobuhle. Anamvetsera osasiya kusenda chimanga, maso ali m'lichero.

"Ena anatiuza kuti inali mitambo," anatero pomaliza. "Ena anati mafuta anatha. Lero inu mukuti chingwe."

"Chinali chingwe, mama."

"Apongozi tinawapeza patapita masiku anayi, atakodwa m'mizu. Mwana sitinamupeze." Anatenga chisononkho china. "Amene anatsika uja, wamfupi uja, ankalira. Anayamba kunyamula mwana wanga wamwamuna. Mwanayo ali ku Botswana tsopano, amamanga nyumba."

Nkhuku inadzatola njere pafupi ndi phazi la a Chisale. Kenako Nomsa anakweza maso kwa nthawi yoyamba.

"Mukanasayina, baba, chikanatinyamula?"

"Angazi, mama," anayankha. Sindikudziwa.

"Nanga mwabwereranji?"

A Chisale anatembenuza chipewa pabondo. Ndinaona kuti funso limeneli sanalikonzekere, ngakhale anali ndi zaka khumi ndi zinayi zolikonzekera.

"Ndimafuna mudziwe kuti sinali mitambo," anatero. "Anali munthu. Ndine."

Nomsa anawayang'ana nthawi yaitali. Pankhope pake panalibe ukali, ndipo ndikanakonda ukanakhalapo.

"Mitambo inali yopepuka kwa ine, baba," anatero motsitsa mawu. "Mitambo sindikanaiona nkhope."

Anadzuka, nalowa m'nyumba. Tinadikira, osadziwa ngati watithamangitsa. Anatuluka ndi makapu awiri a mahewu, natipatsa atagwada, monga amachitira ndi mlendo aliyense. Tinamwa. Anatiuza kuti basi yomaliza imadutsa dzuwa likapendeka, ndipo tikachedwa tigona panjira. Sanatiperekeze. Titafika pa mpanda wa minga ndinacheuka, ndipo anali atabwerera pa lichero lake, koma manja sankayenda.

M'basi a Chisale anakhala kuwindo. Titalowa pa tala anati, osandiyang'ana:

"Ndapita kukatula katundu wanga pamutu pa mayi uja."

Sindinawatsutse, chifukwa inenso ndinkaganiza zomwezo. Koma sindikudziwanso kuti akanapanda kupita zikanakhala bwino kwa yani. Nkhani imeneyi ndaitembenuza kambirimbiri ndili pamsika, ndipo sindinaipezere mutu wake.

Sabata yotsatira anachita chinthu china chimene sindinachiyembekezere. Anapeza nambala ya Percy kudzera kwa munthu wina wopuma ntchito amene anakumana naye pa mzere wa penshoni. Anaimba ndili pomwepo, ndikuchapa, foni ataikweza mawu chifukwa khutu lawo limodzi linali litayamba kugontha.

"Ngubani?" anafunsa mawu okalamba, okhuthala. Ndani?

A Chisale anayankha: "Ndi Nyasa."

Mbali inayo kunangomveka wailesi ndi mwana akulira chapatali. Ndinasiya kuchapa, manja ali m'thovu.

"Lemson," anatero Percy pomaliza. "Uli moyo?"

"Ndili moyo. Ndinapita kumudzi kuja, Percy. Ndinawaona mayi ake."



"Ndili ndi alendo pano," anatero Percy. "Ndikuimbira."

Masiku otsatira foni sinkachoka m'manja mwawo. Ankapita nayo kumjigo, kudimba, ngakhale kuchimbudzi. Magetsi akazima ankapita kukaitchajitsa kwa munthu woyandikana nafe nyumba wokhala ndi sola, n'kukhala pomwepo kuidikira. Patatha mwezi anaibwezera m'thumba la jekete. Percy sanaimbe, ndipo iwo sanayesenso.

Moyo unapitirira monga kale. Ankadzuka m'mamawa, kusesa pakhomo, kuthirira masamba ndi madzi otsukira mbale, kuwerenga nyuzipepala ya dzana imene ankapatsidwa ndi mwini gulosale. Kusintha kumene ndinakuona n'kwakuti anayamba kundifunsa zambiri za ine: za ana anga awiri amene ndinawasiya ndi mayi anga, za mwamuna amene anandithawa, za mmene mbatata imakololedwera kwathu. Ankamvetsera mpaka kumapeto. Anthu ambiri satero.

Mu Juni wa chaka chotsatira ndinawapeza m'mawa atagwa pakati pa mizere ya masamba, kapu yothirira ili pambali. Anali maso, koma pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Tinawathamangitsira kuchipatala pa galimoto ya m'busa. Anagonako milungu itatu. Thandeka anabwera, mayi wooneka bwino, wotopa, wa maso ngati a bambo ake. Anandithokoza kwambiri, mwa Chingerezi, ndipo anayesa ndi Chichewa chomwe, n'kuseka yekha mawu atamukanika. Anali ndi masabata awiri okha. Kuwatenga sakanatha, kuwasiya okha sakanathanso. Anagwirizana ndi a Sylvia, mng'ono wa malemu mayi ake, kuti akawasunge kwawo ku Nketa. Nyumba ya ku Mabutweni analowetsamo banja lina, ndipo ine ndinapeza chipinda ku Nguboyenja.

Tsiku losamuka Thandeka anaima pabalaza, akuyang'ana zitini zija, manja ali m'chiuno. Anafunsa bambo ake kuti atenge ziti. Iwo anayesa kuyankha, mawu anakana, ndipo anangokupiza dzanja lamanzere. Zinapita ndi munthu wogula zitsulo zakale, pa ngolo yokankha.

Ndimapitako Lamlungu loyamba la mwezi, tikatuluka m'tchalitchi. Kwa a Sylvia ndi kwa anthu ambiri: ana, zidzukulu, wailesi yakanema yosazima. Amawasamala bwino, zovala zimakhala zochapa, mankhwala amamwa pa nthawi yake. Zidzukulu zimawatchula kuti khulu, kutanthauza agogo, n'kumawadutsa zikuthamanga. Masana amawatulutsira kuseri, pampando wapulasitiki, pamene khoma limatchinga mphepo, moyang'anana ndi thanki ya madzi.

Mawu anabwerera pang'ono, koma amatuluka amodziamodzi, ngati akuchita kuwakoka pachitsime. Ulendo wathawu ndinawatengera malalanje. Ndinawasendera limodzi, ndipo anadya tizigawo titatu, madzi akutsikira pachibwano. Anandifunsa ngati anthu atsopano aja akuthirira masamba. Ndinawauza zoona, kuti anazula, pamalopo anaikapo khola la nkhuku. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Nkhuku," anatero. "Zili bwino."

Tinakhala mpaka mthunzi wa khoma unafika pamapazi awo. A Sylvia anatuluka ndi bulangete, nawafunditsa m'miyendo, nandikumbutsa kuti Lamlungu maminibasi amatha msanga. Ndinawagwira dzanja lamanzere potsanzika. Analigwira langa kanthawi, mwamphamvu kuposa mmene ndinkayembekezera, kenako analisiya. Ndinazungulira nyumba, ndinatsegula geti, ndipo mdzukulu wina anabwera kudzalitseka.